Nkhadze Inandilowa M'maso pa Phwando la Mdzukulu

Zinayamba ndi kuyabwa pamphumi. Linali Loweruka, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinaganiza kuti ndi thukuta. Ndinapukuta ndi dzanja, ndipo dzanja lomwelo ndinatikita nalo m'maso. Nthawi yomweyo maso onse awiri anakhala ngati wina wathiramo makala amoto.

Ine ndine telala. Ndasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ya mwenye ku Balaka, koma mudzi wanga uli kwa Kalembo. Telala wopanda maso ndi wopemphapempha. Ndinaganiza zimenezo ndili chigwadire pafumbi.

Ndifotokoze mmene zinafikira apa. Mwana wanga Yohane ndi mphunzitsi pasukulu ya mishoni. Kumeneko anabwereka buku lachingerezi la ana, n'kumamumasulira mwana wake Esinati, wa zaka zisanu ndi zitatu. Bukulo limanena za mtsikana amene anakwera tombolombo wamkulu ngati ng'ombe, kupita kuseri kwa mitambo kukadzutsa mfumu ya nkhalango, ya nyanga zobiriwira, kuti ibweze mvula. Esinati sankakambanso china. Ndiye Yohane anati amuchitire phwando la tsiku lobadwa monga amachitira azungu a kumishoni, aliyense avale ngati wa m'bukumo. Ine tsiku langa lobadwa sindilidziwa, ndipo sindinafe nazo. Komabe ndinasoka mapiko a ana ndi nsalu zotsala. Esinati atandichonderera, ndinavomera kukhala mfumuyo.

M'buku mfumu imakhala ili mtulo. Choncho anandikhazika pampando pabwalo, nandiuza kuti nditsinzine mpaka adzandidzutse. Ndili chitsinzinire, anandiveka chisoti cha nyanga. Sindinachione. Anawo anali atathyola nthambi za nkhadze pampanda m'mawa womwewo, n'kuzimanga ndi luzi, utomoni ukudonthabe. Wamkulu aliyense amaidziwa nkhadze. Koma akuluakulu onse anali kuseri kwa nyumba, kumene kunali thobwa ndi zitumbuwa.

Ndinakuwa. Ine amene sindinakuwe ngakhale tsiku limene singano ya makina inandiboola chala. Ana anamwazikana ndi mapiko awo. Akazi anga ananditsuka ndi madzi, kenako anaitana mayi wina woyamwitsa kuti andifinyire mkaka m'maso, monga timachitira kwathu. Ululu unachepa pang'ono. Pofika madzulo zikope zinali zitatupa, osatsekuka.

Yohane anati, "Bambo, njinga ilipo. Tiyeni kuchipatala lero lomwe." Ndinati iyayi. Chifukwa chake ndichinene poyera: manyazi. Mudzi unali utayamba kale kunong'ona kuti ndinasewera ndi buku la ufiti, la ana ouluka. Sindinafune kudutsa mumsewu nditakwezedwa panjinga ngati thumba la chimanga, anthu akuloza nkhalamba imene inavala nyanga.

Lamulungu ndinabindikira m'nyumba. Lolemba mnansi wanga Che Bwanali, pofuna kundithandiza, anabwera ndi sing'anga. Iyeyo anandiuzira m'maso ufa wakuda wa mizu. Lachiwiri ndinadzuka zikope zitamatana ndi mafinya. Akazi anga anakweza chikope chakumanzere ndi chala, anayang'ana, n'kutuluka panja. Pamenepo mantha anandigwira.

Lachitatu m'mawa ndinakwera njinga ija. Tinafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litakwera, ndipo tinadikira pakhonde mpaka masana, ine nditaphimba nkhope ndi nsalu. Dresala wa pamenepo, amene amaona odwala asanafike kwa asisitere, anatsegula maso anga n'kufunsa tsiku limene zinachitika. Nditamuuza anati, "Akulu, masiku anayi? Nanga zakudazi anathiramo ndani?" Ndinamuuza zonse. Anaitana asisitere. Iwo anaunika ndi tochi, nati diso lakumanja lili ndi mwayi, koma za lakumanzere sangalonjeze.

Anandigoneka masiku khumi ndi awiri. M'mawa belu linkalira, ndipo ankatipima kutentha kwa thupi. Katatu patsiku ankanditsuka maso ndi madzi owiritsa amchere, kudonthezera mankhwala, kupaka ena onga mafuta, kenako kumanga bandeji. Kutsukako kunkawawa kwambiri. Nthawi yotsalayo inali ya mdima ndi kudikira. Ndinkadziwa anthu ndi mapazi awo. Pondidyetsa ankachita kundigwiritsa mbale m'manja, pokataya madzi ankachita kunditsogolera. Munthu amene ndinaopa kusekedwa panjinga, tsopano ndinkayenda nditagwira phewa la mkazi wanga pamaso pa odwala onse.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anamasula bandeji osamanganso. Poyamba ndinaona chifunga chokhachokha. Kenako zenera. Kenako mabatani a yunifolomu ya dresala, ndipo ndinaona kuti limodzi linasokedwa ndi ulusi wa mtundu wina. Ndinadziwa kuti ntchito yanga sinathe. Nditatseka diso lakumanja, zonse zinazimirira.

Mawa lake Yohane anabwera ndi Esinati. Anandiuza kuti mwanayo ankakana kudya chichitikire ngoziyo, ndiponso kuti amayi ena m'mudzi ankamutchula dzina loipa loti mfiti. Esinati anaima patali nati, "Agogo, mukundiona?" Ndinati, "Ndikukuona, ndipo waonda. Bwera kuno." Ndinapempha dresala kuti abwereze pamaso pake zimene anali atandiuza ine: kuti utomoni wa nkhadze, ukatsukidwa bwino tsiku lomwelo, kawirikawiri diso limachira. Chimene chinadya diso langa ndi ufa uja ndi masiku amene ndinakhala m'nyumba. Nditabwerera kumudzi ndinanena zomwezo pabwalo, anthu onse akumva. Chiyambire pamenepo palibe amene wamutchulanso mwanayo dzina lija.

Papita zaka zitatu. Diso lakumanja limaona bwino, ndipo ndikusokabe. Lakumanzere lili ndi chipsera choyera, limangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Dzuwa likawomba kwambiri limatuluka misozi.

Kwa amene akumva ndinena izi. Chinthu chikakulowani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri, musathiremo ufa wa munthu aliyense, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Okusekani adzatopa sabata isanathe. Ine ndinawaopa, ndipo diso langa silinabwerere.