Fotini Salowa pa Fifitini

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinkadziyesa munthu wophunzira kuposa onse m'mudzi mwathu, kuseri kwa Chinyunyu. Sukulu ndinailekera giredi thuu chifukwa choweta ng'ombe, koma kuwerenga ndinapitiriza ndekha pa matumba a feteleza ndi kumbuyo kwa malole opita ku Chipata. Atate sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ndipo ine sindinkalola kuti aiwale zimenezo.

Chaka chimenecho amayi anachira mwana wamkazi kuchipatala, ndipo uthenga unabwera wakuti tikawatenge Lachisanu. Anali ofooka, sakanatha kuyenda pansi. Koma ngolo yathu inali itakhala pa miyala, poti gudumu limodzi linagwera m'dzenje, limu yake yachitsulo n'kupindika, tayala n'kung'ambika. Atate anapereka mbuzi kwa dalaivala wina, iye n'kuwapatsa limu ya galimoto, yonyezimira ngati mbale ya alendo. Mabowo ake anagwirizana bwino ndi mabawuti a ngolo. Chinatsala ndi tayala chabe.

Lachisanu m'mawa atate anasenda luzi, nayeza kukula kwa limu ija, n'kumanga mfundo.

"Thamanga kumsewu kwa Ba Chubu, ukawapatse ichi. Ndinalankhula nawo kale."

Ba Chubu anali bambo womata matayala, ndipo dzina lawo lenileni palibe ankalikumbuka. Ine ndinaona kuti n'kunyozeka. Munthu wowerenga, kukaonekera pagulu ndi luzi? Ndinagwada pa tayala long'ambika lija, n'kulipukuta ndi malovu mpaka manambala anaoneka: 185, kenako 14. Luzi ndinaliponya patchire.

Pa Ba Chubu pankanunkha guluu ndi labala wopsa ndi dzuwa.

"Mwaiche, mwana iwe, muyeso uli kuti?"

"Uli m'mutu. Wani eyiti faifi, fotini."

"Eee, aprofesa!" anatero, nandisankhira tayala lamano abwino. Ndinaligubuduza mpaka kunyumba, chifuwa chili patsogolo ngati tambala.

Atate analipaka thovu la sopo, natenga zitsulo ziwiri. Anakankha, anaponda, anapuma, anayambanso. Thukuta linkagwera pa limu, dzuwa n'kufika pamutu, koma tayala linakana.

"Luzi unawapatsa?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi. Iwo sanafunsenso. Anatembenuza limu, napala dothi ndi chikhadabo pamene panali tizilembo todinda pachitsulo.

"Nanga apa alemba chiyani?"

Panali 15. Ndinali nditawerenga bwinobwino, koma ndinawerenga tayala la limu yakale, imene inali yaing'ono. Ndinaganiza za amayi atakhala pakhonde la chipatala, khanda lili m'manja, maso ali kunjira, ndipo ndinayamba kulira ndisanamenyedwe n'komwe. Mkwapulo sunabwere. Atate anakoleka tayala paphewa, nati, "Tiye."

Titafika kumsewu tinapeza azibambo akusewera nsolo pamthunzi. Ba Chubu atationa anaomba m'manja.

"Aprofesa abwerera! Yunivesite yatsekedwa kodi?"

Onse anaseka. Makutu anga anatentha. Atate anatsitsa tayala pang'onopang'ono.

"Musamuseke mwana. Wolakwa ndine, ndinamuonetsa tayala lakale. Manje amene wapeza vuto ndi yemweyu. Auze nambala, mwanawe."

"Fifitini," ndinatero, ndi mawu ngati a kamwanapiye.

Chiseko chinatembenukira kwa atate. Wina anati ndevu sizidziwa nambala, iwo n'kuseka nawo limodzi. Tayala lachiwiri linalowa mosavuta, ndipo linalira "phu!" titalipopa.

Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Azimayi anzawo onse anali atapita, amayi atatsala okha pakhonde, milomo itauma.

"Ndimati mwatiiwala, atate ake."

"Iyayi, ngolo imavala nsapato," anayankha atate, akuyala bulangete. Za ine sananene kanthu, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake. Pobwerera anandipatsa mlongo wanga kuti ndimunyamule, iwo akuyendetsa ng'ombe mofatsa kuti amayi asagwedezeke.

Atate ankadana ndi bodza, ndipo la kwa Ba Chubu lija ndi lokhalo limene ndinawamva akunena. Ndinalimvetsa mochedwa, nditakhala ndi ana angaanga. Akanandisiya kuti ndisekedwe pamsewu paja, ndikudziwa mtima wanga, sindikanawerenganso chilichonse pamaso pa anthu. Iwo, munthu wamkulu, anasankha kusekedwa m'malo mwanga, kuti ndisachite manyazi ndi zilembo zimene iwo sanazidziwe mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.