Ndauza Kale

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi, chifukwa ndicho chaka chimene kaunjika anasefukira mu Dar es Salaam. Boma linali litamasula malonda, ndipo pakamwa pa aliyense panali mawu akuti ruksa, kutanthauza kuti palibenso choletsedwa. Kwathu ku Mbagala, m'mphepete mwa msewu wa Kilwa munadzaza milu ya zovala zakunja, zotchipa kuposa nsalu yosasoka. Anthu anakondwa, koma makasitomala a agogo anga aamuna, Che Saidi, telala wa pakhonde pathu, anayamba kuchepa.

Agogowa anachoka ku Mangochi ali mnyamata. Anagwira ntchito m'minda ya khonje zaka zambiri mpaka anagula makina osokera opalasa ndi mapazi. Makina amenewo ndiwo analera bambo anga, ndiwonso anamanga nyumba imene tonse tinkagonamo. Lachisanu lililonse ankawathira mafuta asanapite kumzikiti, ndipo pampando wawo sipankakhala munthu wina.

Ine Chichewa ndinkachimva chonse, koma poyankhula lilime linkathawira ku Chiswahili. Agogo ankandiseka kuti, “Asiyatu, Chichewa chako chili ngati tiyi wa pamaliro, madzi okhaokha.” Komabe ndinkachilemekeza. Kwa ine Chiswahili chinali cha kumsewu, chonenerera mitengo ndi kukanganirana, pamene Chichewa chinali cha m'nyumba. Mwa uchitsiru wa ubwana, ndinkakhulupirira kuti munthu sanganame m'Chichewa.

Lachisanu lina agogo ali kumzikiti, bambo anabwera ndi munthu wachilendo. Munthuyo anakhala pampando uja, napalasa makina, namvetsera kulira kwake uku akugwedeza mutu. Mtima wanga sunakhazikike. Atachoka, ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse n'kufunsa.

“Ababa, agogo mwawauza za munthu uja?”

Bambo anamwetulira. “Ndauza kale, mwanangu. Usade nkhawa.”

Amayi, amene ankapala kokonati pakhomo, sanadzutse mutu.

M'mawa mwake bambo anandituma kuti ndiperekeze agogo ku Kigamboni kukazonda mnzawo wodwala. Anati miyendo ya agogo siyodalirika pokwera pantoni, bwato lalikulu lowolotsa anthu, pakufunika munthu wanzeru wowagwira dzanja. Ndinadzimva kukula. Tili pakati pa madzi, agogo anandigulira chinangwa chokazinga chothira tsabola, nayamba kundifotokozera za diresi langa la Idi, la nsalu yobiriwira, limene anali atadula kale. “Mawa ndilumikiza manja,” anatero. Nkhani ya mlendo uja inafika pamilomo, koma ndinaimeza pamodzi ndi chinangwacho. Ndinati ndibwerezerenji zimene auzidwa kale. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinadyabe.

Tinabwerako dzuwa litapendeka. Pakhonde panali mbee. Pasimenti panatsala timadontho tinayi ta dzimbiri, pamene pankaponda miyendo ya makina. Zidutswa za diresi langa anaziika pawindo, atazitsindira ndi mwala. M'nyumba munali belo la kaunjika losatsegula, lalikulu ngati ng'ombe yogona.

Ndinathamangira kwa bambo ndikulira. “Munati mwauza!”

“Ee, ndinauza,” anayankha osandiyang'ana. “Ndanama pati?”

Apa m'pamene makutu anga anatseguka. M'Chiswahili, kuuza kumatanthauza kugulitsa. Mawuwo ndinkawamva tsiku lililonse kumsika, koma sindinaganize kuti bambo anga angawabise m'kati mwa Chichewa chathu. Anali atagulitsa makina kuti apeze mpamba wa belo lija, ndipo ine ndi amene ndinachotsa mwini wake panjira, nditamugwira dzanja bwinobwino kuti asagwe. Sindinayambe ndapusitsidwapo chotero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira pamtima pamatentha.

Agogo sanakalipe. Anayang'ana timadontho tija nthawi yayitali, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

“Ukanandiuza, ndikanakupatsa,” anatero. Ndiyeno anandiitana. “Asiyatu, kandipezere singano.”

Diresi lija analimaliza pamanja, masiku asanu, atakhala pamkeka. Belo litatsegulidwa, iwo omwewo ndi amene ankafupikitsa mathalauza ndi kubwezera mabatani kuti mwana wawo agulitse msanga. Anakhala ndi moyo zaka zina zoposa makumi awiri, mpaka ananyamula ana anga pamiyendo, n'kumawaseka Chichewa chawo monga ankasekera changa. Za makina sanazitchulenso. Mtima woterowo ine sindinatengere. Malonda a bambo anayenda, ndipo fizi yanga inachokera m'mabelo omwewo, sindikana. Koma chilichonse chimene bambo ankandiuza ndinkachitembenuza kaye ngati malaya a pakaunjika, kufufuza pamene pang'ambika.

Agogo atamwalira, pa sadaka ya masiku makumi anayi, bambo anaimirira pamaso pa anthu kufotokoza moyo wautali wa “bambo ndi gogo wathu wokondedwa”. Anatchula Mangochi, minda ya khonje, ana ndi zidzukulu. Makina anawalumpha. Anthu atabalalika, ndinawapeza ali okha pakhonde, akusisita ndi chala cha kuphazi pasimenti pamene panali timadontho tija.

“Zaka zonsezi ndinkafuna kuwauza kuti andikhululukire,” anatero. “Sindinawauze.”

Agogo akanakhalapo, akanawasisita pamsana. Ine ndinati, “Koma munauza, ababa.”

Sindinyadira yankho limenelo, komanso sindinalibweze. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti bodza lopweteka kwambiri silisowa mawu abodza. Limangofuna mawu oona onenedwa theka, ndi munthu wokukhulupirira woti alinyamule. Bambo anga sanali munthu woipa. Anali ndi ana anayi ndi khonde losabweranso makasitomala, ndipo anaopa kupempha chinthu chimene akanapatsidwa. Manthawo anawalanda chikhulupiriro cha mwana wawo, ndipo anawasiyira mawu oti auze munthu amene salinso padziko.

Lero ana anga akandifunsa kanthu, ndimayankha mpaka kumapeto, ngakhale yankholo likhale lowawa. Ndikauza munthu, ndimatchula amene ndamuuza. Ndikagulitsa, ndimati ndagulitsa.