Mayina a m'Kope Langa

Anabwera Lachiwiri, mwezi wa Seputembala, dzuwa lili paliwombo, ine ndikuswa mtedza pakhonde. Anali amuna atatu a chitetezo cha m'mudzi, onse ana amene ndinawaona akukwawa. Sanaodire. Wamkulu wawo anaima chapatali nati, "Agogo, valani nsapato, mukufunika ku polisi." Nditafunsa mlandu wake, anangotulutsa m'thumba kope langa, limene ndinakhala ndikulifunafuna sabata yathunthu.

Sinditchula dzina la munthu m'nkhani ino, ngakhale la polisiyo.

Kopelo linayamba chonchi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, kalekale. Koma moyo wanga wonse ndaona kuti anthu akafuna kukudya uli pomwepo, amathawira ku Chingerezi. Kuchipatala amatero, ogula fodya amatero, ngakhale adzukulu anga a m'tauni amatero uku akuseka. Ndiye ndinauza mwana wanga wamkazi, mphunzitsi wa ku Nathenje, kuti Chingerezi cha moni ndikuchidziwa kale, ndikufuna mawu akuluakulu amene amabisiramo zinthu. Anandiikira m'foni mawu a mayi wina amene amatchula liwu kawiri, pang'onopang'ono, iwe n'kumamutsatira. Matanthauzo ankandiuza mwana wangayo ndikamuimbira.

Kwathu ku Mitundu sindinauze munthu. Nkhalamba yophunzira Chingerezi akanaiseka mpaka kuchigayo. Ndinkalowa m'chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, masana, n'kumabwereza mawuwo chapansipansi. Koma mutu wokalamba sugwira. Liwu ndikaliphunzira m'mawa, madzulo lathawa. Ndipamene ndinapeza nzeru yanga: liwu lililonse ndinkalipatsa mwini wake. Nditalemba hypocrite, pambali pake ndinalemba dzina la mayi wina wa kumpingo kwathu. Treacherous ndinamupatsa mlamu wanga amene anasuntha malire a munda. Ndikakumana ndi munthu panjira, liwu lake linkabwera lokha pakamwa. Pofika nthawi yokolola, m'kopemo munali dzina la pafupifupi nyumba iliyonse.

Kenaka mtengwa wa aneba anga anamwalira atangobereka. Pamaliro wina anakumbukira kuti amandimva ndikulankhula ndekha m'chigafa chilankhulo chosadziwika. Wina analowa m'nyumba mwanga ine ndili kusiwa, n'kuba kope lija. Dzina la malemuyo linali patsamba lachinayi.

Amuna aja anandiyendetsa wapansi mpaka kumsewu, anthu akutitsatira. Mwala umodzi wokha ndi umene unandipeza, kuseri kwa khutu. Inayo inaphonya.

Wapolisi wamkulu atawerenga tsamba limodzi anayamba kuseka. "Agogo, muli Fomu chani?" Ndinaganiza kuti zatha, popeza iye Chingerezi ankachidziwa ndipo anaona chimene chinali m'manja mwake. Koma anatseka kope nati, "Mlandu sindikuuona. Koma ndikakutulutsani lero, mawa ndikalemba lipoti la mtembo. Tikusungani." Anandilanda foni, nsapato ndi mpango wa kumutu.

Ndinakhala m'chitokosi masiku asanu ndi anayi. Tinalimo akazi asanu, ndi chidebe chimodzi pakona. Anzangawo atamva chimene anandigwirira anadzikundika mbali ina, kotero ine ndekha ndinali ndi malo otambasula miyendo. Bala la kukhutu linauma lokha. Wapolisi wina wamkazi, akamatibweretsera madzi m'mawa, ankakonda kunena kuti, "A pulofesa, musatiulukire, malatawa ndi a boma." Ena ankaseka. Ine ndinkalandira madziwo ndi manja awiri, n'kudikira wina ayambe wamwa.

Lachisanu mwana wanga analoledwa kundiona. Anandiuza kuti chigafa kulibe, nkhokwe kulibe, nyumba yatsala zipupa. Anandichonderera kuti akandifunsa ndinene zoona zonse. Ndinamuyankha kuti zoonazo ndi zimene ndikuziopa. Sanandimvetse, chifukwa iye ankadziwa za mawu okha. Za mayina sindinamuuzepo.

Lachitatu la sabata yotsatira, cha m'ma teni koloko, wapolisi wamkulu uja anaitanitsa anthu a kwathu n'kuwakhazika pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Anati njira yoziziritsa mudzi ndi imodzi: ndiwerenge ndekha liwu, dzina ndi tanthauzo, aliyense adzimvere. Ndinapempha kuti ndiwerenge mawu okha. Anakana, nati mayinawo ndi amene abweretsa anthuwa.

Ndinawerenga chiimire, opanda nsapato. Nditafika pa mlamu wanga, wapolisiyo anandiimitsa. "Osati tirecherasi, agogo, mukulikoka ngati ng'ombe. Bwerezani bwino." Ndinabwereza katatu, mlamu wanga akundiyang'ana, kenaka ndinamasulira kuti ndi munthu wachiwembu, wokusekerera pamaso pokha. Mayi wa kumpingo uja ndinamuuza pamaso pa mwamuna wake kuti ndi wachiphamaso. Wina wadyera, wina wamiseche, wina waulesi wonamizira matenda. Poyamba ankasekana. Kuseka kunkatha mmodzimmodzi, aliyense dzina lake likafika.

Patsamba lachinayi panali diligent, munthu wakhama. Mtsikana uja ankafika kumjigo ena asanatsegule zitseko, ndipo m'kope monse liwu labwino linali lomwelo. Ndinaganiza kuti limeneli lindiwombola. Apongozi ake anatembenukira anthu nati, "Mwamva? Ankamusirira. Ufiti umayambira pa nsanje."

Wapolisi anagamula kuti palibe ufiti, ndi sukulu chabe, ndipo wondikhudzanso amangidwa. Anthu ananyamuka osatsanzika. Mayi wa kumpingo uja anatsalira m'mbuyo, nandifunsa motsitsa, "Zaka zonsezi tikudyera mbale imodzi pamaliro, amayi?" Sindinamupepese. Kupepesa kukanakhala kunama, ndipo iye akanadziwa.

Ananditulutsa tsiku lomwelo, cha m'ma thiri koloko. Anandibwezera nsapato, mpango ndi foni. Kope anati likhala m'failo. Wapolisi wamkazi uja anandiperekeza mpaka pageti, nandiuza osaseka kuti akanakhala iye, ku Mitundu sakanapondako chaka chino.

Tsopano ndikukhala ku Nathenje, m'nyumba ya sukulu, kachipinda kamene mwana wanga ankasungiramo chimanga. Chitseko sichikiyidwa. Ndikhoza kupita kumsewu waukulu kukaona magalimoto, ndikhoza kupita kutchalitchi, kumene amandipatsa moni anthu osandidziwa. Amati ndine mfulu, ndipo boma lilibe nane mlandu. Ukanakhala ufiti wokha, mwina akanadzaiwala, pakuti mfiti ina imapezeka msanga. Koma munthu saiwala tsiku limene anamva pagulu mmene umamuonera. Ndinkayesa kuti wosakhulupirira munthu palibe chimene chingamugwere. Sindinadziwe kuti mudzi umakhala pamodzi chifukwa cha zimene anthu ameza osanena.

Dzulo kwagwa mvula yoyamba. Ndinadzuka ndi mtima wokadzala, mpaka ndinamanga chitenje. Mwana wanga anandifunsa kuti ndikupita kuti. Ndinamuuza kuti ndikungofuna kuima pakhomo.