Saundikhadi Yojambulira Nyimbo za Ababa

Mawu a ababa anayamba kusasa nthawi yosankha fodya. Tonse tinati ndi fumbi la m'chigafa, zidzatha akamaliza kudinda mabelo. Mabelo anapita ku okushoni, kuzizira kunatha, koma mawu sanabwerere. Pa Sabata akamayambitsa nyimbo m'tchalitchi, mawu ankawadukira pakati, anthu n'kumapitiriza okha akuyang'ana pansi.

Ababa anali mkulu wa mpingo, ndiponso ndiwo ankapeka nyimbo za kwaya ya kwathu, kufupi ndi Nsaru. Mawu a nyimbo ankalemba m'kope, koma kaimbidwe kake kankakhala m'mutu mwawo. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya pulayimale yapafupi, ndipo mwa ana awo onse ndine ndekha ndinatsala pamudzi. Choncho ndine ndinawaperekeza kuchipatala cha mishoni ku Namitete.

Adokotala atawaunika kukhosi, anatiuza kuti pakholingo pali chotupa, ndipo pafunika opaleshoni kuchipatala chachikulu mumzinda pakatha milungu itatu. Za moyo anatilimbitsa mtima. Za mawu anati sangalonjeze. 

 M'minibasi pobwerera ababa anandiyandikira.

"Amako uwauze za opaleshoni basi. Za mawuzi usawauze."

Ndinavomera.

"Ndipo pali nyimbo zina kwaya sinazimve. Akanditseka pakhosipa, zitsekeredwa momwemo."

Mawa lake ndinayesa kuwajambula ndi foni. Zinatuluka ngati munthu akuimbira m'chitini, atambala akumveka kuposa iwo. Ndinayesa laputopu yanga yakale, koma inkangoti waa ngati mvula pamalata. Masiku anayi anapita choncho. M'kalasi ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndikuphunzitsa.

Ndinamufotokozera mphunzitsi mnzanga amene ankaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo.

"Madamu, laputopu payokha siimva bwino," anatero. "Pafunika saundikhadi. Ndi kabokosi kokhala pakati pa maikolofoni ndi kompyuta. Maikolofoni ndili nawo awiri, ndikubwerekani. Koma kabokosiko mukasankhe mosamala. Mutauni muli tina togwira sabata imodzi n'kupsa."

Anandilembera pakapepala kuti kakhale ndi batani lolembedwa 48, chifukwa maikolofoni ake sagwira popanda moto wochokera pabatanilo. Kapepalako ndinakasunga m'kachikwama ngati kalata ya kuchipatala.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, laputopu ndi maikolofoni amodzi ndili nazo m'chikwama pamiyendo. Njira yonse ndinkangowerenga masiku. Ndikagula cholakwika, sindikanatha kubwereranso mpaka Loweruka linalo, ndipo mawu a ababa ankachepa tsiku ndi tsiku.

M'sitolo yoyamba, pafupi ndi msika, wogulitsa anandipatsa kanthu konga bokosi la machesi.

"Aka kamachita zonse, amayi."

Ndinakatembenuza uku ndi uku, batani lija osaliona. Nditafunsa, anaseka n'kunena kuti mabatani ndi zachikale. Ndinatsala pang'ono kugula, chifukwa ndinkaopa kuti mwina kwina konse sindipeza. Koma nditapempha kuti tikayese, anati sitsegula katundu asanagulidwe. Ndinatuluka osagula.

Sitolo yachitatu inali yopapatiza, yodzaza ndi masipika akuluakulu. Mwini wake anali bambo wa imvi, ankawotcherera waya patebulo. Anawerenga kapepala kanga, n'kutsitsa mabokosi atatu pashelefu.

"Kodi kwanuko magetsi alipo?"

"Ayi, tili ndi sola basi."

"Ndiye chachikuluchi chichoke." Anakankhira pambali chamabatani ambiri chimene maso anga anali atachikonda. "Chimafuna magetsi akeake. Tiwiriti timatenga moto kulaputopu. Aka kali ndi polowetsa maikolofoni pamodzi, aka pawiri. Oimba ndi angati?"

"Mmodzi."

"Ndinuyo?"

"Bambo anga."

Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma anaika chowotcherera chija pansi. Ndinapezeka ndikumuuza zonse, munthu amene sindinamuonepo, zimene amayi anga sindinawauze. Anamvetsera osandidula.

"Tiyeni tiyese," anatero.

Analumikiza kabokosi ka pawiri kaja kulaputopu yanga, naika pulogalamu yake, n'kundiveka mahedifoni. Atadina batani lija, ndinamva mpweya wanga womwe ukulowa ndi kutuluka modukaduka, ndinamva ngakhale malovu pomeza. Ndinachita mantha ndi phokoso la thupi langa.

"Mwamva, eti? Kamatola chilichonse," anatero. "Ndikuuzeni zoona, amayi. Kabokosi sikachiza kholingo. Ngati mawu asasa, katola kusasako bwinobwino. Bambo anu adzadzimva mmene alili."

Zimenezo sindinaziganizire. Ababa ankadziwa kuti akudwala, koma anali asanadzimve. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti mwina kachitini ka m'sitolo yoyamba kakanawachitira chifundo.

"Nanga mawu akawathera pakati pa nyimbo?" ndinafunsa.

"Palibe wina amene amazidziwa nyimbozo?"

Ndinakumbukira amayi. Sanali m'kwaya, koma ababa akamapeka nyimbo pakhonde, amayi ankang'ung'udza nawo akutongola mtedza. Ndinatenga ka pawiri. Bambo uja anandionetsa kasanu konse pozungulitsa kuti mawu akwere, ndi kanyali kamene kamafiira mawu akapyola. Anandilembera zonse kuseri kwa kapepala kaja.

Lolemba nditaweruka tinakonza chipinda chosungiramo chimanga. Matumba anali atazungulira khoma, pazenera tinapachika bulangete. Nkhuku tinazitsekera m'khola masana. Ababa anavala jekete lawo la kutchalitchi ngakhale kunkatentha. Amayi ndinawauza kuti tikungosunga nyimbo, ndipo anakhala pampasa pafupi ndi chitseko.

Nditadina batani lojambulira, palibe chinamveka.  Ndinazula mawaya onse n'kubwezeretsa, ndinawerenga kapepala kawiri, thukuta likugwera pa laputopu. Ababa ankangondiyang'ana. Kenako ndinaona kuti ndaiwala batani la 48. Nditalidina, chipinda chonse chinalowa m'mahedifoni.

Anayamba bwino. Ndime yoyamba inatha. Pa yachiwiri, pamene nyimbo imakwera, mawu anang'ambika, kenako chifuwa chinawagwira. Kanyali kanafiira. Anatsokomola nthawi yaitali, ndipo atachotsa mpango pakamwa anaupinda msanga n'kuulowetsa m'thumba. Sindinafunse. Ndinkaopa yankho.

"Ndimve," anatero.

"Tiyambe tajambula ina, ababa."

"Ndimve kaye."

Ndinawaveka mahedifoni. Ndinkayang'ana nkhope yawo pamene nyimbo inkayandikira pong'ambika paja. Sanaphethire. Itatha anavula mahedifoni, nawaika pabondo.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, ababa."

"Zimitsa. Anthu asadzandikumbukire chonchi."

Anayamba kudzuka.  Milungu inali itatsala iwiri, ndipo ndinkawadziwa ababa, akakana akana.

Amayi ndiwo anayankhula ali pampasa pomwepo.

"Khalani pansi, abambo. Mukuyesa sindikudziwa? Ndagona pambali panu zaka zonsezi, ndimamva mmene mukupumira. Mwana uyu kuyambira tsiku la ku Namitete sakundiyang'ana m'maso." Anatembenukira kwa ine. "Chinacho n'cha ndani?"

Ankaloza maikolofoni achiwiri amene anali pathumba la chimanga. Ndinawalumikiza.

"Pokwera ponse muzindisiyira ine," anatero amayi. "Inu muzigwira pansi."

Ababa anakhala kanthawi ataima. Kenako anakhala pansi n'kumasula batani la jekete.

Tinajambula masana aliwonse kwa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lina ankatha nyimbo imodzi, lina theka. Pena mbuzi inkalira, pena laputopu inkatha moto kukachita mitambo. Tsiku lililonse podzuka ndinkayamba ndamvetsera ngati ababa apereka moni ndi mawu kapena ndi dzanja. Tsiku lakhumi anatsegula pakamwa, munangotuluka mphepo. Nyimbo ziwiri zinatsala, ndipo amayi ankangodziwa chiyambi chake.

Opaleshoni inachitika monga ananenera. Ine ndi amayi tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osadya. Namwino atatuluka n'kunena kuti adzuka, amayi anagwada pansi pomwepo.

Ababa anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, akuyankhula monong'ona. Kwaya inaphunzira nyimbo zija kuchokera pa laputopu, iwo atakhala kutsogolo akuwongolera ndi dzanja. Zina ziwiri zija anayesa kuphunzitsa ndi mluzu, koma mpweya sunkakwana, ndipo patapita miyezi ingapo anazisiya.