Mwezi wa Sikisi ndi Diso la Mayi

Kuseri kwa siteji ya minibasi, pakati pa wokonza mafoni ndi mayi wogulitsa zovala zakaunjika, pali kachipinda kometera ka bambo wina amene aliyense amangowatchula kuti a Manambala. Kumeta amatha, pamenepo ndisaname ayi. Mzere wapachipumi amaudula mowongoka ngati apima ndi lula. Koma pakamwa, abale inu! Ukangokhala pampando, akumanga nsalu pakhosi, lumo lili pafupi ndi khutu, basi wagwidwa. Ulaliki unkayamba pomwepo, ndipo palibe amene angathawe mutu uli theka.

Ulaliki wake unali umodzi womwewo kwa zaka makumi awiri ndi kuposa. Mwezi uliwonse uli ndi nambala, nambala iliyonse ili ndi tanthauzo m'Baibulo, ndiye kuti Mulungu analemberatu zimene mweziwo udzabweretse. Meyi ndi faifi, chisomo. Julayi ndi seveni, kukwanira, poti Mulungu anapumula tsiku lachisanu ndi chiwiri. Ogasiti ndi eyiti, chiyambi chatsopano, chifukwa m'chingalawa munatuluka anthu asanu ndi atatu. Koma mwezi umene ankadana nawo kuchokera pansi pa mtima unali Juni. Ati sikisi ndi nambala ya munthu, wolengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, yoperewera imodzi kuti ifike pa ya Mulungu, ndipo ukaindandalika katatu ndi ya chilombo chija. Mu Juni a Manambala sankagula mashini atsopano, sankayenda ulendo, ngakhale dzino likawawa ankadikira Julayi tsaya litatupa.

Pozitola ndi apa. Atangokwatira kumene, mwana wawo woyamba anamwalira mu Juni ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Patapita masiku, mlaliki wina woyendayenda anabwera kudzametetsa, nkuwauza kuti zimenezo sizinangochitika, aone nambala ya mwezi, aonenso miyezi ya mwanayo. Mlalikiyo anangoti tsitsi kukutumula, ulendo, sanaonekenso, koma mawu ake anatsala akuyabwa ngati tsitsi lolowa m'kolala. Chisoni tinawamvera, inde, kutaya mwana si masewera. Koma iwo chisonicho anachisandutsa mpando, nkukhalapo, nkumalamula nyumba yonse.

Tsiku loyamba la mwezi uliwonse pakhomo pa shopu pankatsamira bolodi lakuda lolembedwa dzina la mwezi, nambala yake, vesi ndi uthenga. Odikira minibasi ankaima nkumawerenga, ena nkumajambula pafoni. A Manambala ankaima pambali atavala magalasi, Baibulo kukhwapa, chifuwa patsogolo. Chimene anthuwo sankadziwa nchakuti bamboyu sukulu anasiyira kalasi yachiwiri. Manambala ankawazindikira patali, koma zilembo zinkangowavinira. Wowerenga mavesi, wofufuza paliponse pamene Baibulo latchula seveni kapena twelofu, wolemba bolodilo ndi choko m'mawa pakhonde, anali akazi awo, mayi ofatsa osoka mayunifomu a ana asukulu pa mashini a phazi. Zaka zonsezo mayiwo sanaululepo kwa munthu. Mneneri wathuyu ankaona zam'tsogolo ndi maso obwereka.

Ndiye masowo anayamba kutha. Choyamba ulusi unkakana kulowa pasingano. Kenako zilembo zapabolodi zinayamba kukula ndi kupendekeka, mpaka wokonza mafoni anaseka kuti uthenga wa Epulo waledzera. Amene anawakokera mayiwo kuchipatala ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene ali naye, wogwira ntchito kosindikiza mabuku ndi makalendala kutsidya kwa tauni. Bambo ake ankamutcha Nkhutukumve kuyambira tsiku limene anawafunsa, ali kamwana, kuti nanga anthu obadwa mu Juni akalowe kuti. Dokotala wa maso sanabise mawu. Diso lamanzere linali litafa kale, madzi ochuluka mkati anapha mtsempha. Lamanja likanapulumuka ndi opaleshoni, koma mosachedwa. Anawapatsa kakhadi koti abwere pa 6 Juni, sikisi koloko m'mawa, asanadye kanthu.

Kakhadi kameneko a Manambala sanafune wowawerengera. Deti linalembedwa m'manambala, masikisi atatu anawaona okha, ndipo anakaponya patebulo ngati kawatentha. Ati mdyerekezi wasaina yekha. Ati mwezi wa munthu, tsiku la munthu, ola la munthu, mpeni wa munthu, nanga Mulungu alowera pati? M'mawa mwake anatseka shopu nkupita okha kuchipatala kukasintha tsiku. Kalaliki anawauza kuti dokotala wa opaleshoniyo amabwera mwa apo ndi apo, mndandanda ndi wautali, malo ena apezeka kumapeto kwa Julayi, ndipo anawachenjeza kawiri konse. Iwo anangotolapo liwu limodzi, Julayi. Anabwerera kunyumba akuimba, ati mwaona mayi, Mulungu watsegula khomo m'mwezi wake.

Nkhutukumve atamva anabwera Loweruka ali moto lawilawi. Analunjika kushopu, nkuwapeza bambo ake akumeta mphunzitsi wina wopuma, anthu atatu akudikira pabenchi. Moni sanapereke. Anawauza pamaso pa onse kuti makalendala akupachika m'khomamo amasindikiza ndi iye, ndi manja akewa, ndi inki ndi pepala basi, ndipo chaka chatha mashini analakwitsa nkutulutsa Juni kawiri koma kumwamba sikunagwe. Anawafunsa ngati diso limadziwa deti. A Manambala anazimitsa mashini ometera. Manyazi anawagwira, ndipo manyazi awo nthawi zonse ankatuluka ngati ukali. Anayankha kuti mwana wopanda ulemu, amene sanaikepo mwana m'manda, asawaphunzitse za Juni.

"Munaika mmodzi, bambo," anatero mtsikanayo. "Tsopano mukufuna kuika amayi mumdima ali moyo."

"Tuluka m'shopu mwanga iwe. Ndipo kunyumba kwanga usapondeko mpaka Juni atatha."

Mtsikanayo anayang'ana bolodi, nkuyang'ana bambo ake, nkutsegula pakamwa. A Manambala anadziwa chimene ankafuna kunena. Liwu limodzi lokha, loti satha kuwerenga, likanawavula pamaso pa benchi yonse. Koma mtsikanayo analimeza chifukwa cha mayi ake, nkutuluka. Iwo anayatsa mashini nkuwauza apabenchi kuti mwaona, mzimu wa sikisi wayamba kale kugwira ntchito mwezi usanayambe nkomwe.

Kunyumba Nkhutukumve anapondako ndithu. Anali atakachonderera kalaliki uja kuti malo oyamba aja asapatse wina, ndipo pa 6 Juni kutangocha anafika ndi takisi. A Manambala anaima pakhomo manja m'chiuno, koma sanafunikire kukankha munthu. Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Mayiwo anali atakhala pabedi, atasamba, nsapato zili kumapazi, koma sanadzuke. Anamuuza mwana wawo kuti mavesi onsewo awerenga ndi iwo, bolodi alemba ndi iwo, ndiye ngati ndi bodza, anama nawo zaka makumi awiri. Ati masabata asanu ndi awiri si ambiri, adikire seveni, bambo ake anena kale. Mwanayo anagwada, analira, anatukwana, mpaka woyendetsa takisi anatopa kuliza hutala. Takisi inabwerera ndi munthu mmodzi, ndipo a Manambala anapita kushopu mtima uli mbee, akuona ngati apulumutsa banja.

Pakati pa mwezi diso lija linafiira nkuyamba kubaya, mutu nkumawawa mpaka mayiwo kusanza. Wosoka nsapato woyandikana nawo nyumba anawauza a Manambala kuti bambo inu, thamangani nawo kuchipatala. Iwo ananyowetsa kansalu nkuwaika pachipumi, napemphera mokweza kuti anthu amve, kenako nkudula tsiku lina pakalendala ndi cholembera chofiira. Pa 1 Julayi mayiwo analemba bolodi mphuno itatsala pang'ono kukhudza thabwa. Anakwanitsa seveni ndi liwu limodzi, KUKWANIRA, vesi osalemba. A Manambala anauza anthu kuti mwezi uno Mzimu walankhula mwachidule.

Tsiku lija la kumapeto kwa Julayi a Manambala anavala suti. Dokotala anaunika diso ndi katochi kake nthawi yaitali, nkufunsa mayiwo ngati akuona kuwala. Anati ayi. Anaunikanso, nkufunsa kuti anasintha tsiku ndani. A Manambala anayankha kuti ndine, ndipo anayankha monyada, akukonza tayi. Dokotalayo sanakalipe. Anangowauza kuti palibenso chochita opaleshoni, mtsempha unafa masabata apitawo, nkutseka fayelo.

Mungaganize kuti pamenepo munthu akanagwa mphwayi. Ayi ndithu! M'minibasi pobwerera anali akufotokoza kuti ichi ndi chiyeso chabe, seveni watseka zakale, eyiti akubwera ndi zatsopano, maso atseguka Ogasiti asanathe. Mantha anali nawo, amkati, koma kukhala chete kukanakhala kuvomera. Mayiwo anangogwira mkono wa mwana wawo, amene anawaperekeza kuchipatala.

Pa 1 Ogasiti m'mawa a Manambala anapukuta bolodi, nkulitsamiritsa pakhonde pamene akazi awo anakhala akuwotha dzuwa. Anabweretsa choko ndi Baibulo monga mwa masiku onse. Anawauza kuti asadandaule, vesi la anthu asanu ndi atatu aja amalidziwa pamtima, angolemba zilembo zazikulu, iwo awagwira dzanja kuti mzere usapendekeke. Mayiwo analandira bukulo, nkulisisita pachikuto pamene zala zawo zinaperepesa, nthawi yaitali.

"Ogasiti ndi chiyambi chatsopano, si choncho bambo?"

"Eya mayi, mwakumbukira bwino."

"Ndiye yambani. Buku ndi ili, choko ndi ichi. Maso anga mwawerengera mpaka atha."

Sanakweze mawu ayi. Anangotambasula manja kumene ankaganiza kuti amuna awo aima, ndipo anaphonya pang'ono, moti bambowo anachita kusuntha kuti alandire. Chakumasana Nkhutukumve anabwera ndi galimoto ya kuntchito kwake kudzatenga mayi ake, zovala zawo ndi mashini osokera aja, ngakhale panalibenso wowapalasa. Ulendo uno bambo ake sanaime pakhomo.

Bolodi a Manambala analinyamula kupita nalo kushopu. Anagwira choko nkulemba chimene ankatha, eyiti wamkulu pakati penipeni. Anthu odikira minibasi anaima monga mwa chizolowezi, nkudikira zotsatira. Wokonza mafoni anafunsa kuti eyiti watani, abusa, uthenga uli kuti? A Manambala anavala magalasi, anatsegula Baibulo, anatembenuza masamba uku ndi uku. Anatseka nkunena kuti kasitomala akudikira, pomwe pampando panalibe munthu.

Shopuyo ikadalipo, ndipo kumeta akumetabe bwino. Bolodi nalo limatsamirabe pakhomo ndi eyiti yemwe uja, wofufutika ndi mvula, ngakhale miyezi yadutsa yambiri. Ukakhala pampando masiku ano, akumanga nsalu pakhosi, umangomva kulira kwa mashini.