Nthambi za pa msewu wa ku Chikweo

Ndikaona pa kanema azungu akupikisana pa njinga masiku ambirimbiri ndimaseka ndekha, chifukwa mpikisano wa kwathu ndinausokoneza ndine.

Unali wa masiku awiri, kuchokera ku Balaka mpaka ku Chikweo, mphoto yake bulangete. Amalume anga, amene ankapikisana nawo, ankatsalira, tsono ndinayala nthambi pamsewu pafupi ndi kwathu, monga timachitira pakagwa maliro. Otsogola onse anatsika, navula zipewa, nayamba kukankha njinga mwaulemu.

“Palasani amalume, kulibe maliro!” ndinakuwa.

Koma amalumewo anali atataya kale njinga, akuthamangira kunyumba uku akulira mayi awo. Anawapeza ali gwa, akusenda chinangwa. Bulangete linapita kwa ena.

Amalume anandikwapula ndi nthambi zomwezo. Mwayi wanga, ndinali nditathyola zanthete.