Chingwe cha Bambo Ambrosio

Malemu bambo Ambrosio Kalimanjira anabadwira ku Dedza, ndipo belu lawo loyamba ali mwana linali mkombero wa galimoto wopachika pamtengo. Kuno ku Dublin anafika imvi zili mbuu, nalowa ntchito yokolopa kunyumba yosungira okalamba.

Mu Januwale 2010, chuma cha dziko lino chitagwa, gulu loliza mabelu paparishi yathu linatsala anthu asanu. Enawo anali atapita ku Australia kukasaka ntchito. Mabelu athu alipo asanu ndi atatu, lililonse ndi chingwe chake ndi mwini wake. Khonsolo ya parishi inanenetsa kuti anthu akapanda kukwana pofika Khirisimasi, nsanja ya mabelu itsekedwa, aikemo makina owaliza.

"Makina sapemphera," anatero bambo Ambrosio, nakwera masitepe.

Tsiku loyamba anakoka chingwe ndi mphamvu zakumudzi, n'kuchikakamira. Belu potembenuka linawanyamula ngati thumba la chimanga, nsapato imodzi n'kutsala pansi. A Fintan, mtsogoleri wa gululo, anawalangiza kuti belu la kuno salimbana nalo, umakoka n'kulisiya lipite. Anaphunzira miyezi inayi manja ali matuza okhaokha, osadandaula.

Kenako anayamba kusaka anthu. M'magolosale a ku Moore Street Amalawi ankachita kuwazemba, komabe awiri analola ndipo gulu linakwana. Mu Seputembala madokotala anawapeza ndi khansa. Sanauze munthu kupatula mayi Ethel, mnzawo wa kuntchito.

"Achemwali, Tuesday 7 o'clock mubwere ku practice ya mabelu," anawauza.

"Bambo, ine ma shift andimaliza kale, komanso pamwamba ndimaopa."

"Inenso ndimaopa. Koma chingwe changa chisagone."

Mayi Ethel anabwera akung'ung'udza, nayamba kuphunzira belu la bambowo, lachisanu ndi chimodzi. Masitepe atayamba kuwakanika, bambo Ambrosio ankakhala pabenchi panja atavala majekete awiri, khutu lili kunsanja. Mayiwo akatsika, bambowo ankawauza kuti, "Number six munathamanga. Muzidikira mnzanu amalize kulankhula."

Anamwalira mwamtendere pa 19 Disembala atalandira masakramenti, kolona ili m'manja. Tisabise, zinatipweteka kwambiri kuti anatisiya patatsala masiku ochepa chabe kuti Khirisimasi ifike.

M'mawa wa Khirisimasi kunja kuli mbee ndi chipale chofewa, mabelu onse asanu ndi atatu analira, akhonsolo akumva ali m'tchalitchi. Za makina sizinatchulidwenso. Belu lachisanu ndi chimodzi linali m'manja mwa mayi Ethel, misozi ili chuchuchu, ndipo sanaphonye ngakhale kamodzi.